Mwala wa Esinati ndi Difu Yolira

Tinanyamuka pa Chiringa Lachisanu cha m'ma 6 koloko m'mawa, phiri la Michesi lidakali m'nkhungu. Kumbuyo kwa pikapu tinagoneka mwala wa chiliza cha malemu mkazi wanga Esinati, titaukulunga m'mabulangete awiri, ndipo m'mbali mwake munali matumba anayi a simenti. Esinati anagona kwawo, kufupi ndi madambo a mpunga a ku Chilwa. Mmisiri womanga chilizacho anali atanena kuti mwala ufike dzuwa lisanafike pamutu kuti simenti igwire bwino, chifukwa Loweruka abusa ndi abale amabwera kudzavundukula.

Mwini galimoto, Che Jafali, amagula mpunga ndi nsomba zouma kunyanjako n'kumagulitsa pa Chiringa. Tinagwirizana K70,000 ulendo wopita wokha. Ndi bambo wansangala, ndipo galimoto yake amaipukuta kuposa mmene ena amasambitsira ana.

Titangosiya msewu waukulu n'kulowa wafumbi, ndinamva kulira kwina pansi pa galimoto, chakumbuyo, ngati njuchi zili m'mphanga. Akaponda moto kumakula, akasiya kumachepa. Ndinayendetsa malole pa esiteti ya tiyi ku Mulanje zaka zambiri, ndipo kulira kumeneko ndimakudziwa. Imeneyo ndi difu, chimphika chachitsulo cha pakati pa mateyala akumbuyo, m'mene mano amalumana kuti galimoto iyende. Koma sindinanene kanthu. Ndinadziuza kuti mwini wake amaidziwa galimoto yake, ndipo si bwino mlendo kuweruza m'nyumba ya eni. Kunena zoona, ndinkafuna mwala ufike.

Cha m'ma 8 koloko tinafika pa mtsinje umene mlatho wake unakokoloka. Amayi ankachapa cha kumtunda, ndipo bambo wina ankawoloka njinga ili paphewa, madzi akumufika m'mawondo. Che Jafali analowa mosazengereza. Anandiuza monyadira kuti chiyambire dzinja amawoloka pamenepo kawiri pa sabata, injini osazima n'kamodzi komwe. Apo m'pamene ndinafunsa kuti oyilo anasintha liti. Anati mwezi uliwonse, osaphonya. Ndinati ndikunena wa difu ndi wa giyabokosi.

"Umenewo sasintha, achimwene," anatero. "Galimoto imabadwa nawo."

Sitinayende mtunda wautali. Kulira kuja kunasanduka kubuula, ndipo ndinawapempha kuti aime pansi pa mtengo wa mango pa kamsika kena, pamene panali chigayo ndi maokala atatu. Mawondo anga sakondanso ntchito zokwawa, komabe ndinayala thumba n'kulowa pansi. Difu inali yotentha moti dzanja silikanakhalapo. Itazizirako ndinamasula bawuti yothirira n'kupisamo chala. Chimene chinatuluka sichinali oyilo. Chinali chotuwa ngati thobwa, ndipo nditachitikita ndinamva timchenga ta chitsulo. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imayamwa madziwo kudzera pa kabowo kake kopumira, ndipo iyi inali itamwa dzinja lonse.

Che Jafali anayang'ana chala changacho, kenaka dzuwa. Anati kwatsala ulendo wa ola limodzi lokha, tiyende pang'onopang'ono, mwala wa mayi ufike pa nthawi yake, zina tikaona pobwerera. Ankanena ndi mtima wonse. Ndinakhala pa thumba lija. Mwina tikanafikadi. Koma ndinaonapo difu itadya mano ake, ndipo ya galimoto yakale ngati imeneyo siipezeka pafupi. Bamboyu ali ndi ana asanu ndi mayi ake okalamba, onse amadya za galimoto yomweyo.

"Che Jafali, Esinati sakupita kulikonse," ndinatero. "Tiyeni tiime."

Mwini chigayo, bambo wonenepa wa ufa m'nsidze, anabwera ndi chigubu cha oyilo wakuda wochotsa mu injini yake, amene amagulitsa kwa anthu opaka mitengo ya denga poopa chiswe. Anati oyilo ndi oyilo, chitsulo sichilawa. Ndinamuthokoza n'kumufotokozera kuti wa difu ndi wina, wokhuthala ngati uchi, wonunkha ngati dzira lovunda. Anaseka n'kunena kuti ndiye ndine woyamba kufuna chinthu chifukwa chonunkha. Tinalemba nambala ya oyiloyo pa kapepala n'kutuma wakabaza wa njinga yamoto kubwerera pa Chiringa, K10,000 kupita ndi kubwera.

Ndinaimbira foni alamu anga a Wedisoni, mlongo wake wa Esinati, amene ankayang'anira mwambo wonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kungoti amva. Kumva kwa mtundu umenewo ndimakudziwa.

Tinamasula bawuti yapansi n'kusiya thobwa lija likhe m'beseni lakutha. Mayi wina anatigulitsa chinangwa chophika ndi kalongonda m'kambale kapulasitiki, akutiyankhula Chichewa chokhala ndi Chilomwe m'kati monga ankachitira apongozi anga. Nthawi ya pemphero la masana itakwana, Che Jafali anapempha madzi, anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, nayala thumba la mpunga kuseri kwa galimoto. Linali Lachisanu, ndipo ku mzikiti anali atakuphonya chifukwa cha ulendo wanga. Ine ndinakhala pafupi ndi mwala, chipewa chili m'manja. Msana unkawawa, ndipo mawu opemphera sanabwere ambiri.

Wakabaza anafika cha m'ma 2 koloko, akunena kuti sitolo yoyamba inalibe. Pampu tinalibe, choncho tinaboola chivindikiro cha botolo n'kulowetsamo kapaipi ka chigayo. Ine ndinagwira paipi, Che Jafali akufinya botolo, oyilo akuyenda mwaulesi ngati munthu wotumidwa osafuna. Woyamba pang'ono tinautaya dala kuti atsuke zotsalira. Kenaka tinatseka pansi n'kuthira mpaka anayamba kusefukira pa bowo, pakuti muyeso wake ndi umenewo. Tinayang'ananso giyabokosi. Madzi munalibe, koma chala chinavutika kuti chipeze oyilo. Che Jafali anapukusa mutu n'kunena kuti zaka zonsezi wakhala akudyetsa mwana mmodzi, awiri akugona ndi njala.

Tinanyamukanso cha m'ma 4 koloko. Kulira sikunatheretu, chifukwa chitsulo chikadyeka sichimeranso, koma kunatsika n'kukhala ngati munthu wong'ung'udza nyimbo. Tinadutsa m'minda ya mpunga wakucha, amayi akuingitsa mbalame.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka kwambiri. Mmisiri anali atapita kwawo. A Wedisoni anaima pabwalo manja ali kumbuyo, ndipo ndinawafotokozera zonse, osabisa kuti kulirako ndinakumva tidakali pafupi ndi Chiringa, pamene kubwerera kukanangotidyera ola limodzi. Anayang'ana malaya anga a oyilo, kenaka anavundukula bulangete n'kuwerenga dzina la mlongo wawo pang'onopang'ono.

"Achemwali anazolowera kukudikirani, alamu," anatero. "Bwerani musambe."

Mmisiri anabwera mbandakucha. Pamene abusa ankapemphera Loweruka, simenti inali isanaume, ndipo mwala unaima mothandizidwa ndi mphanda ziwiri za bulugamu zimene sitinathe kuzibisa. Ena anazilozerana ndi maso. Ndinaima pamenepo ndikudziwa kuti mphandazo sizinabwere chifukwa choima pansi pa mango paja, koma chifukwa chokhala chete kwanga m'mawa. Ndakhala ndikuyesa kuti kusafulumira kunena ndiwo ulemu nthawi zonse. Nyimbo yomaliza itatha, mmisiri anandinong'oneza kuti pasapezeke wotsamira mwalawo mpaka Lachiwiri, ndipo ndinatsala m'mudzimo kuulondera.