Buku Limene a Mora Gittel Anakwirira

Kuno ku Cleveland, mukafunsa Myuda aliyense wosapitirira zaka makumi anayi kuti anamuphunzitsa zilembo za Chiheberi ndani, ambiri amangomwetulira n'kuyankha kuti, "A Mora Gittel, nanga ndaninso." Mora ndi mmene timaitanira aphunzitsi achizimayi m'sukulu zathu. Mayi amenewa, a Gittel Brandwein, anali aafupi, a mawu akuthwa, ndipo anagwira kalasi yoyamba zaka makumi atatu ndi zinayi. Analowa ntchito atangokwatiwa kumene, opanda pepala lililonse la ku koleji. Chuma chawo chinali nyimbo. Chilembo chilichonse anachipekera kanyimbo kake ndi kaseweredwe ka zala, moti ngakhale mwana wouma mutu bwanji, pofika Paska amakhala akuwerenga yekha buku la mapemphero. Tsiku loyamba la sukulu ankapaka uchi pa zilembo za pa kathabwa kuti ana anyambite, monga mwa mwambo wathu, ndipo uchiwo ankakasankha okha kwa mlimi wina kunja kwa mzinda.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkawadya mumtima. Chaka ndi chaka sukulu inkatumiza mphunzitsi mmodzi ku Yerusalemu kukachita maphunziro owonjezera a milungu isanu ndi umodzi. A Mora Gittel anadikira dzina lawo zaka zonsezo. Kupempha sanapemphepo, poti kwa iwo kupempha kunali kudzichotsa ulemu. Ndiye chaka chimene ndikunenachi, mkulu wa sukulu, a Rabi Oster, anaima pamaso pa aphunzitsi onse n'kutchula dzina la Tehila Dembitzer.

Tehilatu! Mtsikana wophunzitsa kalasi yachiwiri, wongogwira ntchito zaka zitatu zokha, khoma limodzi ndi a Mora Gittel. Komanso anadutsa m'manja mwawo momwemo ali kamwana.

"Mwana amene ndinamupukuta mamina ndi mpango wanga," anadandaula madzulo ake kwa amuna awo, a Feivel, wokonza magalasi a maso. "Analira mwezi wathunthu kufuna amake. Uchi anaunyambita mpaka kathabwa kanga kanasuluka. Lero ndiye akupita kukaphunzira kuphunzitsa."

"Nanga iwe ukufuna kukaphunzira chiyani, Gittel? Si paja umadziwa zonse?"

"Sindikufuna kukaphunzira. Ndikufuna anditume."

"Ukanakana."

"Ndikanakana, inde. Koma akanandifunsa kaye."

A Feivel anangopitiriza kumwa msuzi wawo wa nkhuku, poti zaka zinawaphunzitsa polekera.

Tehila anabwerako atada ndi dzuwa, atanyamula chibuku chachikuto chabuluu chokhala ndi chidindo cha maphunziro aja pamwamba. Anabweretseranso a Mora Gittel kabotolo ka uchi wa ku mapiri a Yudeya. Iwo anathokoza ndi milomo yokha, n'kukakaika kuseri kwa mabotolo a nkhaka zowawasa. Tsono mtsikanayu anati maphunziro sanathere komweko. Akuluakulu a kumeneko analamula ophunzira onse kuti chaka chonse azikhala m'kalasi ya mphunzitsi wina kamodzi pa mlungu, kumaonerera ndi kulemba.

"Ndasankha kwanu, Mora, ngati mungandilole."

"Pali makalasi khumi ndi awiri pasukulu pano."

"Ndikufuna kwanu."

"M'kalasi mwanga simulowa makina. Kompyuta yako uisiye kunja."

"Ndilemba pamanja, Mora."

Ndiye Lachitatu lililonse Tehila ankadzipinda pa kampando ka ana kumbuyo, mawondo kufika pachibwano, cholembera chikuthamanga. A Mora Gittel akaimba, iye kulemba. Akadzudzula mwana, kulemba. Akatsokomola, ankaona ngati nazonso zalembedwa. Mtima wawo unawauza kuti m'buku labuluumo mukusonkhanitsidwa zolakwa zawo, mzere ndi mzere, kuti zikaperekedwe kwa a Rabi. Kangapo Tehila anayesa kuwatsegulira, amvekere, "Mora, taonani pang'ono apa ngati ndalemba bwino." Iwo ankatembenuza nkhope. "Zanzeru za ku Yerusalemu ine ndingazimve? Ndine wosaphunzira, mwana iwe."

Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kusungunuka, a Rabi Oster anawaitana muofesi. Anazungulirazungulira, za thanzi, za zidzukulu, kenako anafika pankhani. Paska akatha kudzakhala tsiku la maphunziro a aphunzitsi a sukulu zonse za Chiyuda mumzinda, akuluakulu a komiti adzakhalapo, ndipo Tehila ndiye adzalankhule zimene wapeza chaka chonse. Pambuyo pake komiti idzaona za kalasi yoyamba.

"Idzaona chiyani?"

"Makolo ena akufunsa za njira zatsopano, Mora. Komanso masitepe aja akukuvutani, tonse tikuona."

"Masitepe ndi anga ndi mawondo anga, a Rabi. Kalasi ikuchita kudandaula?"

"Palibe chatsimikizika. Tidikire tsikulo."

Anatuluka mmenemo. Ulendo wa ku Yerusalemu anawalanda, tsopano akufuna kalasi. Nsanje imene anali nayo pa mtsikana uja sinalinso yobisika ngakhale kwa iwo eni. Ankachita nsanje ndi msana wake wowongoka, ndi mmene ana ankamuthamangira pabwalo, ngakhale ndi mmene ankakwerera masitepe awiriawiri.

Tsono pali udindo wina umene a Mora Gittel anali nawo kuyambira kale. Ife pepala lolembedwa Dzina la Mulungu sititaya kudzala. Likang'ambika kapena likatha ntchito, timaliika m'bokosi lapadera, ndipo Paska asanafike mabokosiwo amakakwiriridwa kumanda mwaulemu ngati munthu. Pasukulupo wosunga bokosi, wolimanga ndi woliperekeza anali iwowo.

Lachinayi lina masana analowa m'chipinda cha aphunzitsi muli zii. Pa tebulo panali buku labuluu lija, pamwamba pake wina atakhazikapo kapu ya khofi. M'mphepete munatuluka nsonga ya pepala, tsamba la mapemphero lojambulidwa pa makina, ndipo Dzina linkaoneka poyera. Dzina pansi pa kapu ya khofi. A Mora Gittel anamva mkwiyo woyera, ndipo pansi pa mkwiyowo panali kachimwemwe kamene sanafune kukayang'ana. Akanatha kungochotsa kapuyo. Akanatha kusolola tsamba limodzilo. Koma ananyamula buku lonse osalitsegula, analipsompsona monga tichitira ndi zopatulika zikagwa, n'kuliika pansi penipeni pa bokosi. Pamwamba anasanjapo mabuku akale a mapemphero othothoka zikuto, n'kumanga ndi chingwe mfundo zitatu.

Tehila anafunafuna masiku anayi. Anakhuthula makabati, anagwada kusuzumira pansi pa galimoto yake, anafunsa aliyense mpaka wophika. Pomaliza anafika pakhomo pa kalasi yoyamba maso ali psuu.

"Mora, simunalioneko?"

"Buku lofunika chotero sumalisamala bwanji? Ku Yerusalemu sanakuphunzitseni zimenezo?"

"Ndinangotuluka kukalekanitsa ana akumenyana."

"Ufunse osesa."

Lamlungu lotsatira mabokosi anapita kumanda. Kunali kamphepo kozizira, nthaka ili chinyezi. A Rabi anawerenga salimo, mabokosi anatsitsidwa m'dzenje, ndipo monga chaka chilichonse fosholo yoyamba anapatsa a Mora Gittel. Anathira dothi pa mabokosiwo. Pobwerera anauza a Feivel kuti mwambo wayenda bwino kwambiri chaka chino.

Tsiku la maphunziro linafika. Holo inadzaza aphunzitsi oposa zana, a komiti atakhala kutsogolo ndi makapu awo a tiyi. A Mora Gittel anasankha mpando wa pamzere wachiwiri kuti aone bwino mtsikana akusowa chonena. Tehila anakwera pansanja chimanjamanja, nkhope ili mbuu.

"Ndinali ndi buku," anayamba. "Latayika, ndipo linali limodzi lokha poti ndinalemba pamanja. Ku Yerusalemu anatiuza kuti tisathamangire zatsopano, koma tipeze mphunzitsi waluso pasukulu yathu yomwe, tilembe zonse zimene amachita zisanatayike. Ine ndinalemba za a Mora Gittel Brandwein. Nyimbo zawo zonse, mmene amaimira pafupi ndi mwana wamanyazi, mmene amadziwira mwana amene akungotsatira anzake pakamwa. Masamba mazana awiri, lililonse lili ndi dzina lawo. Akuluakulu a kumeneko anati ndikalitumiza Paska asanafike adzalisindikiza, ndipo adzawaitana eni akewo kuti akaphunzitse aphunzitsi chilimwe chikubwerachi. Ndinafuna kuwadzidzimutsa lero. Nthawi yotumizira yadutsa. Mora, mundikhululukire."

Mitu yonse inatembenukira ku mzere wachiwiri. A Mora Gittel anangoyang'ana nsapato zawo. M'makutu munkamveka dothi lija likugwera pa bokosi.

Kenako Tehila anati poti pepala palibe, angosonyeza zimene akukumbukira. Anapempha aphunzitsi onse akhale ngati ana a kalasi yoyamba, n'kukweza zala m'mwamba, n'kuyamba nyimbo ya chilembo choyamba. Abale, mtsikana ameneyu anaimba. Kapendekedwe ka mutu kanali ka a Mora Gittel, kakuombera m'manja pakati pa mzere kanali kawo, ngakhale kakutsinzina diso. Koma pamene nyimbo imakwera, pamene iwo zaka zisanu zapitazi ankangodutsapo monong'ona, Tehila anafikapo mosavuta. Ma Rabi a ndevu zoyera anali kugwedeza zala ngati tiana. Holo yonse inaimirira kuwomba m'manja, ndipo ngakhale dzina lotchulidwa linali la a Mora Gittel, maso onse anali pa Tehila.

A Rabi Oster anawapeza pa tebulo la makeke, nkhope ikuwala.

"Mwaona, Mora? Ife timaopa kuti mukapuma zonse zipita nanu. Koma zonse zili mwa mwanayu. A komiti akhutira. Tsopano mutha kupuma mtima uli m'malo."

"Ndani wanena kuti ndatopa?"

"Mudzatithandizabe ana ovutika kuwerenga, kawiri pa mlungu, chipinda chapansi. Kulibe masitepe. Bokosi lija lidzakhalabe m'manja mwanu, palibe amalisamala ngati inu."

Kunyumba anakhala pa mpando osavula chikhoto. A Feivel anawayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi.

"Gittel, bokosi la chaka chino ndinalinyamula ndine kukweza m'galimoto. Linali lolemera."

"Mabuku akale amalemera."

"Eya. Amalemera."

Sanakambenso za nkhaniyo, ndipo Tehila sanauzidwe mpaka lero. Manda sitifukula chifukwa cha manyazi a munthu mmodzi.

Chaka chatsopano cha sukulu chitayamba, a Mora Gittel anafika m'mawa ndi botolo la uchi m'chikwama. Anali atakagula kwa mlimi uja mwachizolowezi, n'kukumbukira ali kale panjira yobwerera kuti kathabwa kalibenso mwini wake wakale. Anakwera masitepe pang'onopang'ono n'kuima pakhonde. Kuseri kwa chitseko chimene anatsegula zaka makumi atatu ndi zinayi kunkamveka nyimbo yawo, m'mawu a munthu wina, ana akuseka. Zinawapweteka, ndipo sanayese n'komwe kudzinamiza kuti akukondwera.

Chitseko chinatseguka, Tehila n'kusuzumira.

"Mora, lowani, ana akuoneni."

"Ndikudutsa chabe. Tenga uchi uwu, wa m'sitolo uja ndi madzi okhaokha. Ndipo chilembo chachitatu ukuchithamangitsa."

"Ndikonza. Koma Mora, ndili ndi vuto. Nyimbo makumi awiri ndi imodzi ndikuzikumbukira. Ya chilembo chomaliza yandithawa, poti munaiimba kamodzi kokha ine ndilipo. Inali m'buku muja. Mungandiuze mawu ake?"

Nyimboyo inali pamilomo pawo, yonse, mzere uliwonse. Inali yotsala yokha imene munthu wina aliyense pasukulupo analibe. A Mora Gittel anayang'ana tiana tomata uchi m'masaya, anayang'ana mtsikana wamtali ataima pamalo pawo, n'kukonza lamba wa chikwama paphewa.

"Mukadzafika pa chilembo chimenecho udzanditumire uthenga," anatero. "Imeneyo ndidzabwera kudzaimba ndekha."