Msuweni Wanga Anakoka Chingwe

Inu owerenga, ine ndine munthu amene anakhoma bwato asakudziwa kusambira. Sekani mumalize, kenako mundimvere.

Koleji ya ku Lusaka ndinaisiya chaka chachiwiri, kapena tinene kuti tinasiyana mwamtendere zotsatira za mayeso zitatuluka. Ndinabwerera kwathu ku Chinyunyu ndi magazini imodzi ya m'laibulale imene ndinaiwala kubweza. Mmenemo munali chithunzi cha bwato la mapasa: timabwato tiwiri towonda tolumikizidwa ndi mitanda, thanga pakati. Analemba kuti pansi pake pakakhala pathyathyathya, mphepo ikakula bwatolo silidulanso madzi, limakwera pamwamba n'kumatsetsereka ngati phale loponyedwa ndi mwana padziwe.

Zaka zimenezo, m'ma 1990, mwini famu wina cha ku Rufunsa anali ndi damu lalikulu, ndipo ankafuna munthu woyendetsa alendo ake pamadzi. Ntchito yokhazikika, nyumba pomwepo. Ine amene mudzi wonse unkanditcha ba Pulofesa mondinyodola, ndinaona kuti manyazi anga athera pamenepo.

Ndinaitana Yotamu, mwana wa amalume, yemwe anali kalipentala. Miyezi itatu tinkakhoma mapulanga, kumata phula ndi kusoka masaka a feteleza kuti akhale thanga. Ndinamuphunzitsa zonse. Tonse tizikhala mbali imene mphepo ikuchokera. Liwiro likakwera tizisendera kumbuyo kuti mphuno za bwato zisalowe m'madzi. Mphepo ikawomba modzidzimutsa, wogwira chingwe cha thanga achimasule msanga, apo ayi tigudubuka. Ndinamuululiranso zoti madzi ndimawadziwira m'beseni basi, iye n'kulumbira kuti sauza munthu.

Tsiku loonetsa bwato linali la mphepo ya Ogasiti. Ine ndinagwira chiwongolero, iye chingwe. Bwato lija linathamanga, abale, madzi pansi pathu ankalira ngati nsalu ikung'ambika. Abwana, mwini famu uja, kumtunda anachita kuvula chipewa. Kenako mphepo inakankha mwamphamvu, kabwato kamene tinakhalapo kananyamuka m'mwamba. Ndinati, "Asuweni, masulani." Anandiyang'ana m'maso, anakulunga chingwe padzanja kawiri, n'kukoka.

Tinagudubuka. Zimene ndinafuula m'madzimo sindizilemba. Amene analipo amati ndinaitana amayi. Yotamu anandikokera kumtunda atandigwira kolala, n'kuuza abwana mwaulemu wonse kuti, "Mubakhululukire, aba ni ba sukulu, manzi sibayaziba." Ndiko kunena kuti ine wasukulu madzi sindiwadziwa. Ndiye anabwerera m'madzi, antchito a pafamu anamuthandiza kudzutsa bwato, n'kuzungulira damu lonse yekha, akuchita ndendende zimene ndinamuphunzitsa. Ntchito inakhala yake tsiku lomwelo, ine ndikusanza madzi a damu pansi pa mtengo.

Nditamufunsa anati chingwe chinakola. Dzanja lija ndinaliona ndi maso anga. Kunyumba nditadandaula, amayi anaseka nati asuweni amachitana chipongwe kuyambira kalekale, mlandu wa chisuweni sapita nawo pabwalo. Amalume anandilangiza kuti ndikaphunzire kusambira.

Inu owerenga, musanapatse munthu chingwe m'manja, yambani mwadzifunsa chimene iye angapindule inu mutagwa. Ngati mukufuna chinthu chimodzi nonse awiri, kufooka kwanu musamuuze, ngakhale munakulira pamphasa imodzi. Ine lero ndimagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu. Yotamu akamadutsa pa minibasi amandikwezera dzanja, ndipo ine ndimakweza langa, chifukwa amalume akadali moyo.