Mdani Amene Anakana Kuseka

Tsiku limenelo kunali mvumbi, mvula ija yosadziwa kukata. Bambo wina anaima pakhomo la mwana wake wamkazi atanyamula jumbo momwe munali malaya awiri ndi chikalata chotulukira kundende. Anali atakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Mkazi wake anamwalira m'chaka chachinayi, ndipo maliro anangowamva kwa woyang'anira akaidi.

Mwanayo anatsegula chitseko pang'ono, mpata wongokwana nkhope.

"Ndili ndi funso limodzi, bambo. Mayi anapita akukuikirani kumbuyo. Munkadziwa kuti basi ija inalibe mabuleki, kapena simunkadziwa?"

Bamboyo anayang'ana nsapato zake. Madzi ankatsikira m'khosi mwa malaya. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Chitseko chinatsekedwa, ndipo anamva kiyi akuzungulira kawiri.

Inu amene mukuwerenga, ngati munagwapo anthu akuona, mverani za munthu ameneyu.

Anayendetsa basi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osagunda ngakhale nkhuku. Tsiku lina pamtsetse wolowera kumsika basi inakana kuima, inakalowa pomwe anthu amadikirira, ndipo anthu anayi anafa. M'khoti ananena mawu awiri okha: mabuleki anakana. Anthu a mumsewu wake anatola mawuwo n'kumuveka ngati chipewa. Kuyambira pamenepo dzina lake linali Mabuleki.

Zoona zake n'zakuti ankadziwa. Kutatsala masiku atatu anauza mwini basi kuti akaponda mabuleki, phazi likufika pansi. Mwini basi anayankha kuti madalaivala ofuna ntchito ali mbwee pageti. Mkazi wa bamboyo anali m'chipatala. Bamboyo anatenga kiyi. Zimenezi sanauze woweruza ngakhale mkazi wake, chifukwa kunena kuti mwini basi ankadziwa kunali kuvomera kuti nayenso ankadziwa.

Mwini basi uja lero ali ndi mabasi asanu ndi atatu, ndipo pamaukwati amamukhazika kutsogolo. Palibe anamuvekapo dzina.

Atatuluka kundende, bamboyo ntchito anaifuna chaka chathunthu. Anapita kotsukira galimoto, kosungira katundu, kusukulu ina yomwe inkafuna mlonda. Akangoona chikalata chija ankamuuza kuti amuimbira, chonsecho sanamufunse nambala. Akamadutsa mumsewu ana ankalira ngati matayala, makolo awo akuseka pakhonde. Basi sanakwerenso. Kulikonse ankapita wapansi.

Koma Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankayenda maola awiri kupita pakhomo la mwana wake, n'kugogoda katatu, n'kudikira. M'katimo ankamva mkamwini wake akusewera magemu pa TV, mfuti zikulira, iye akukuwa kuti afe ameneyo. Chitseko sichinkatseguka. Ankabwerera, mwezi wotsatira n'kubweranso.

Amene anadzamulemba ntchito ndi mayi wina wa kakampani kopanga magemu a pakompyuta, pamwamba pa sitolo ya penti. Mayiyo anawerenga chikalata chija mpaka pansi, n'kungofunsa ngati amadziwa kukolopa masitepe. Antchito analipo asanu, zipinda ziwiri, mawaya ali yandayanda pansi ngati mizu. Matsache ankasungidwa m'kachipinda kokhomedwa mabulangete akale m'makoma, chifukwa ndi momwenso ankajambuliramo mawu.

Gemu yomwe ankapanga inali ya mzinda womira. Wosewera amayenda m'mabwinja, kumenyana ndi zilombo, mpaka kukafika pamwamba pa damu losweka pomwe pamadikira mdani wotsiriza, Mlonda wa Damu. Mlembi wa nkhaniyo, mkulu wamagalasi wokonda kumva mawu ake omwe, analemba kuti Mlondayo anaswa damulo dala, ndipo wosewera akafika amamulandira ndi chikhakhali.

Anaitana munthu wa pawailesi kuti alankhule mawu a Mlonda, koma mawu ake anali osalala ngati akutsatsa sopo. Ali m'kati modandaula zimenezi, bamboyo anafika ndi mopu.

"Nyamulani miyendo."

Mawu ake anali okhakhala ngati chitseko chadzimbiri, chifukwa pangozi paja chiwongolero chinamumenya pakhosi. Onse anayang'anana. Wojambula zithunzi, mayi wachitsikana wosasowa nthabwala, anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo madalawa nyimbo ali nayo.

Anamulowetsa m'kachipinda ka matsache n'kumupatsa pepala. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atafika pomwe panalembedwa kuti aseke, anapinda pepalalo.

"Apa sindiseka."

Mlembi anafotokoza kuti ndi masewera chabe, kuti mdani ayenera kunyansa kuti wosewera amve kukoma pomubaya. Anaseka yekha kuti amuonetse, kawiri konse, mutu ali chagada.

"Munthu amene wapha anthu saseka choncho."

"Inu madala mukudziwa bwanji? Zanu ndi tsache."

"Ndinapha anayi."



Mawa lake mlembi anayamba kukhoma dirowa yake, ngati kuti munthu wa ngozi ndi mbava. Kapu yake ya tiyi anailemba dzina. Kenako anakauza mwini kampani kuti asankhe, iye kapena wokolopa. Mayi uja anaitana bamboyo pamasitepe n'kumuuza mosabisa kuti mlembi n'ngovuta kumupeza, wokolopa ayi. Anamupempha kuti angoseka kamodzi, nkhani ithe.

Bamboyo anawazindikira malo amene anaimapo. Anaimapo kale, pageti la mabasi, kiyi ali m'manja. Nthawi ija anasankha ntchito.

Anayedzeka mopu kukhoma n'kunena kuti saseka.

Mayiyo anafunsa kuti nanga Mlondayo anene chiyani. Anagwirizana kuti ajambula mitundu iwiri, woseka wa munthu wa pawailesi ndi wa bamboyo, ndipo anthu odzayesa gemu asankhe okha. Wake akakanidwa, ndiye kuti mopu yomwe aisiya.

Bamboyo sanali munthu wa cholembera. Masabata atatu, anzake akapita kukadya masana, ankakhala pa ndowa yovundikira m'kachipinda kaja, akulemba ndi pensulo pa katoni ya penti. Ankalemba, n'kung'amba, n'kulembanso. Poyamba zonse zinkatuluka ngati za m'khoti: khoma linakana, madzi anachuluka, mvula inanyanya. Ankaziwerenga n'kumva fungo la bodza. Sabata yachitatu zinatsala ziganizo zochepa, ndipo anazijambula maulendo makumi anayi chifukwa mawu ankamuthera panjira.

Wojambula zithunzi anachotsa mano aatali amene anali atamuika Mlonda. Anamuweramitsa mapewa, atawonera mmene bamboyo amanyamulira ndowa.

Oyesa gemu anabwera khumi ndi awiri, ena ophunzira, ena ogwira ntchito m'masitolo apafupi. Mlonda woseka anamupha m'mphindi imodzi, n'kuyamba kufunsa ngati kuli zakumwa. Kenako anawaikira winayo. Atamenyana naye mpaka kumufooketsa, Mlondayo anaika nkhwangwa yake pansi n'kulankhula.

"Ndinauona mng'alu. Masiku atatu ndikuuona. Ndinauza akuluakulu, anati alonda ndi ambiri. Ndinabwerera pamalo panga n'kukhala chete. Baya, mwana iwe. Koma usakanene kuti sindinkadziwa."

Batani lobayira linkaphethira pakanema. Palibe analidina. Mayi wina anatembenuka n'kufunsa kuti batani lomusiya lili pati, ndipo anamuuza kuti kulibe.

Koma mwamuna wina anaimirira nkhope itafiira. Anati mchemwali wake anafa chifukwa cha munthu ngati ameneyu, wodziwa n'kukhala chete, ndiye ndani walemba zimenezi kuti iye amvere chisoni chigawenga? Mlembi anayang'ana kudenga. Bamboyo anali pakhomo ndi ndowa yake.

"Ndine. Musamukhululukire, achimwene. Mungomumva."

Mwamunayo anakhala pansi, anadina batani, Mlonda anagwa. Sanasekerere. Anakhalabe pampandopo anzake onse atatuluka, akuyang'ana nkhwangwa ija pakanema.

Pano ndinene za ife. Timakonda mdani woseka chifukwa satifunsa kanthu. Ali ndi mano aatali, ife tilibe, nkhani yatha. Timamubaya n'kupita kukamwa tiyi. Koma zoipa zambiri m'dziko muno sizichitidwa ndi anthu oseka. Zimachitidwa ndi munthu wamantha amene anaona mng'alu, anauza bwana, bwana n'kumuloza pageti. Anthu anayi aja anafadi, ndipo palibe gemu ingawadzutse. Imaiwala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiwala. Koma ndani wa ife amene sanakhalepo chete masiku atatu? Kusiyana kwake n'kwakuti mtsetse wathu sunafike. Ndiye timatenga tsiku limodzi la munthu n'kulisandutsa dzina lake, n'kuphunzitsa ana athu kumulirira ngati matayala, pomwe wopereka kiyi tikumuombera m'manja paukwati. Manyazi amenewo ndi athu.

Mlembi sanapepese. Anthu amagalasi sapepesa msanga. Koma Lolemba dirowa yake inali yosakhoma, ndipo patebulo lokambirana nkhani panali mpando wachisanu ndi chimodzi. Iye yemweyo ndiye anawonjezera batani lachiwiri, lokhala pansi pafupi ndi Mlonda.

Gemu inatuluka. Sinalemeretse munthu, koma inayenda, ndipo makalata ambiri amene ankabwera anali onena za Mlonda. Ena ankatukwana, ena ankati analira, ena ankakangana masiku ambiri za batani loyenera kudina. Kumapeto kwa gemu, pamndandanda wa amene anaipanga, panalembedwa dzina lenileni la bamboyo, lomwe anali asanalimve zaka zisanu ndi zinayi. Makampani ena awiri anadzapempha mawu ake. Masitepe ankakolopabe yekha, ati ena amangopaka dothi.

Lamlungu loyamba la mwezi wotsatira anagogoda katatu monga mwa masiku onse. Mfuti zinkalira m'katimo. Anawerama, analowetsa kakhadi ka gemu pansi pa chitseko, nabwerera.

Panapita masabata awiri kuli zii. Lachinayi masana, ali pakati pa masitepe ndi mopu, anaona nsapato zachikazi zitaima pansi pomwe anali atangokolopa. Sananene kuti nyamulani miyendo.

Anali mwana wake. Anati anali kukhitchini pamene anamva mawu a bambo ake akuchokera pabalaza. Anati amuna ake, munthu woti sasiya mdani ali moyo, anakhala ola lathunthu manja ali pamaondo.

"Koma zija munauza damu, bambo. Ndiuzeni ine."

Bamboyo anagwira mopu ndi manja awiri.

"Ndinkadziwa. Masiku atatu. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito mayi ako ali m'chipatala. Ndinatenga kiyi."

Mwanayo sanamukumbatire. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti mayi akanamva zimenezi akanakwiya mwezi umodzi basi, osati kufa akuteteza bodza. Mawuwo anamulasa, ndipo sanawazembe. Mwanayo anatsika sitepe imodzi, n'kuima.

"Lamlungu likubwerali sindikhoma. Koma mugogodebe."

Inu amene anthu anakuvekani dzina la tsiku lanu loipa kwambiri, musalole kuti likhale dzina lokhalo. Chimene munalakwa chinenenitu ndi pakamwa panu, musadikire kuti chiwole, chifukwa mlandu suwola. Akakuuzani kuti museke kuti iwo apeze mtendere, kanani. Ndipo chitseko chikatsekedwa, mtima usagwere pomwepo. Mwezi wamawa kagogodeninso.

Lamlungu limenelo bamboyo anasita malaya ake oyera, anayenda wapansi maola awiri, nagogoda katatu.