Kamakina ka m'khutu mwa atate

Chaka chimene atate anagontheratu, achimwene anga a ku Lusaka anawagulira kamakina kovala m'khutu kothandiza kumva. Anakatumiza kudzera ku kampani ina yonyamula maphukusi, ya anthu a njinga zamoto aja. Ine ndinkayala mabedi pa loji ina ku Nakatindi, kumene foni timaitsekera m'kabati mpaka kuweruka. Sindinade nkhawa, poti atate sachoka pakhomo.

Lachiwiri nditaweruka ndinapeza kuti munthu wina waimba kasanu. Ndinamuimbira, ndipo anali wa phukusi uja.

"Ba sisi, nenze ku Nottie Broadie kwanu. Nagogoda geti maningi, naliza na hutala. Kulibe muntu."

"Muntu aliko!" ndinatero.

Atate analipodi. Ndinawapeza pakhonde, kuseri kwa mpanda, akusoka nsapato yawo mtima uli m'malo. Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani? Tonse, ine ndi achimwene omwe, sitinaganizeko kuti woti amve kugogodako ndi yemwe samvayo.

Lachitatu ndinasiya geti lotsekula. Atate, munthu woopa akuba, analitseka ndisanafike n'komwe pamsewu waukulu. Madzulo wa njinga uja anandiuza mosapita m'mbali za mawa lake: "Mailo ni komaliza. Nikapanda kupeza muntu, ibwelela ku Lusaka." Ofesi yawo imatseka ine ndisanaweruke, ndipo abwana anga anandikaniza kuchoka chifukwa loji inali yodzaza alendo. Tsiku limenelo atate ndinawalalatira, ndikuloza geti, ndikuloza khutu. Anangondiyang'ana pakamwa.

Lachinayi ntchito sinagwirike. Bedi limodzi ndinaliyala kawiri, chipinda china ndinaiwala matawulo. Njinga iliyonse ikalira pamsewu, mtima unkangoti phaa! Ndinazemba katatu kukasuzumira foni, koma inali zii. Poweruka sindinadikire kuti basi idzaze, ndinakwera takisi.

Atate ndinawaonera patali. Anali kunja kwa geti, pa mpando wapulasitiki, malaya atanyowa ndi thukuta la mu Okutobala, kabokosi kali pamiyendo kosatsekula. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandiuza kuti anakhala pamenepo kuyambira m'mawa, akuimitsa njinga yamoto iliyonse yodutsa. Ngakhale chakudya chamasana sanalowe kukadya.

Tinalowa m'nyumba. Ndinaika batire, ndi kuwaveka kamakinako, kenako ndinakuwa mwaukali monga mwa masiku onse.

"Batate, mumvela? Nifunsa, mumvela?"

Anadzidzimuka, n'kugwira khutu. Anandiyang'ana, kenako anafunsa chapansipansi.

"Mwana wanga, ni so wenze kukamba na ine masiku yonse aya?"