Madontho Akuda pa Foni ya Adona

Teleza anabadwira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, ndipo anayamba kuthyola tiyi asanathe n'komwe msinkhu. Msana utayamba kumuvuta, anapeza ntchito ya m'nyumba kwa bwana watsopano wa ku fakitale, wochokera ku Lilongwe. Bwanayo analibe nkhani ndi munthu. Minga inali mkazi wake, a Mildred, amene akangomva antchito akucheza m'Chilomwe ankati akuwajeda.

Mu 2006 a Mildred anabwera ndi foni yopinda kuchokera ku Joni. Pachivundikiro pake panali kagalasi koyaka kokha, manambala ake akuthwanima ngati ziphaniphani. Foniyo inkakhala pawindo la kukhitchini, poti netiweki inkagwira pokhapo, ngakhale masiku a chiperoni pamene makoma ankachita kutuluka thukuta.

Tsiku lina pakagalasi paja panaoneka kadontho kakuda. Kenako madontho ena, n'kumakula ngati zipere.

"Iwe Teleza, foni yanga waithira chiyani?"

"Ine, adona? Sindiigwira n'komwe."

"Usandipusitse! Ndimakudziwani anthu akuno ndi mankhwala anu. Ukufuna zindilowe kukhutu?"

Anamutulutsa tsiku lomwelo, akumukuwiza pamaso pa alonda. Mbiri inakafika kumalaini iye asanafike. Kumjigo amayi ankachotsa zidebe zawo iye akayandikira, ndipo mwana wake wamkazi anzake anasiya kudya naye. Teleza anamanga katundu n'kupita kwa achemwali ake ku Masambanjati, kumene anayamba kugulitsa nthochi m'mbali mwa msewu.

Patapita miyezi kunabwera bambo wina wovala tayi, akufunsa za iye. Anali a Winston, mlongo wa a Mildred, mphunzitsi wa sayansi.

"Mayi, foni ija ndaiona," anatero. "Mkati mwa kagalasi kaja muli kautoto kopyapyala. Magetsi amadutsa momwemo, ndipo kautoto komweko ndi kamene kamayaka. Koma kamadana ndi chinyezi. Pambali panali mng'alu, nkhungu n'kumalowa. Inu mulibe mlandu. Achemwali anga akuti mubwerere kuntchito."

Teleza anawayang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Ndiye atuma inuyo? Pakamwa pawo patupa? Anandinyoza pagulu. Akaime pamjigo paja anene okha kuti ananama."

"Mukudziwa kuti zimenezo sangachite."

"Basitu. Ndipatseni mpata, mukunditchingira makasitomala."

A Mildred sanapite kumjigoko, ndipo Teleza sanapondenso pa esiteti. Bizinesi inamuyanja pang'ono, moti anamanga kanyumba ka malata, koma mtima sunaphwe. Chaka china galimoto ya bwana uja inaima pamsika, a Mildred n'kutsitsa galasi, kuloza phava la nthochi zakupsa bwino. Anali asanamuzindikire.

Teleza anavundikira nthochizo ndi chitenje.

"Izi ndathira mankhwala, adona. Pitani kutsogoloko."

Galasi linakwera msangamsanga. Amayi anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa, koma iye sanaseke. Analavula malovu pansi, n'kukhala chofulatira msewu mpaka galimotoyo itapita.