Njovu Zimene Zinagwetsa Bondi Yanga ya Chiponde

Tili giredi 11 tinalandira aMadamu a masamu ochokera ku Lusaka, okonda kuphunzitsa ngakhale zinthu zosapezeka m'buku. Tsiku lina anatibweretsera nkhani ya mabondi. Anati boma likafuna ndalama limagulitsa pepala. Wogula amalandira kachiwongoladzanja kosasintha nthawi ndi nthawi, ndipo pamapeto amalandira ndalama zonse zolembedwa papepalapo. Kenaka analemba pa bolodi kuti mtengo wa bondi ukatsika, phindu la wogula limakwera.

Kalasi yonse inagwedeza mitu ngati yamva. Koma kalasiyo sinamve. Ndinamva ndine ndekha, chifukwa shuga wanga anali atatha temu isanafike n'pakati pomwe, ndipo phala la ku hositelo lopanda shuga ndi chilango.

Chimene ndinali nacho chinali botolo la chiponde, chosinja amayi kwathu ku Chifunda. Ndinadula timapepala n'kusainapo ngati nduna. Ukandipatsa masupuni khumi a shuga, ndikupatsa pepala. Loweruka lililonse uzilandira supuni imodzi ya chiponde, ndipo potseka sukulu shuga wako yense abwerera. Atsikana anachita kulimbirana. Masaya anga anayamba kuwala.

Koma shuga uja ndinkamudya, ndipo wotsalayo sakanakwana kubwezera onse. Njira inali imodzi: mapepala aja atsike mtengo, ndiwagulenso motchipa tsiku lotseka lisanandipeze.

Choncho m'mawa wina ndinakhala pakhonde la hositelo n'kuyamba kusisima.

"Iwe, n'chiyani?" anafunsa mtsikana wina wa ku Chikwa, yemwe anali ndi mapepala anga angapo.

"Njovu zalowa m'munda wa amayi. Mtedza wonse zamaliza."

Ku Chama kuno munthu safunsa umboni wa njovu. Aliyense ali ndi amalume amene zinawachitikira. Pofika madzulo pepala la masupuni khumi linkagulidwa ndi asanu, mawa lake anayi. Ndinatuma mnzanga wogona naye chipinda chimodzi kuti akagule mwakachetechete. Anabwerako shuga ali m'manja momwemo.

"Atha, iwe. Wina wagula onse."

Loweruka aMadamu anatulukira ku hositelo, dzanja lina mbale ndi supuni, lina timapepala tanga tonse.

"Pepa za njovu, mwanawe," anatero, nkhope yachisoni kwambiri. "Koma tandiuza, njovu za kwanu zimakumba mtedza umene unakololedwa kale?"

Atsikana anayang'anana. Ana a alimi onse aja, palibe amene anakumbukira kuti minda inali yopanda kanthu! Anakumbukira ndi munthu wa m'tauni, amene amavala nsapato zazitali m'fumbi la Chama.

"Manje tiwerengere," anatero aMadamu, akundiloza. "Pepala lililonse ndagula ndi masupuni anayi, ndizilandira imodzi Loweruka lililonse. Phindu langa ndi lotani?"

"Gawo limodzi mwa anayi, aMadamu. Anzangawa ankapeza limodzi mwa khumi."

"Nanga potseka sukulu?"

"Khumi. Pa pepala lililonse."

"Eya! Ndiye wamva iwe. Tsegula botolo."

Anachotsa masupuni awo a chiponde imodziimodzi, odzaza mpaka kusefukira, n'kupaka pa mabanzi amene anagawira atsikana onse aja anagulitsa mwamantha. Ankadya akundiyang'ana. Wa ku Chikwa uja ananyambita chala pafupi ndi mphuno yanga penipeni.

Mpunga umene amayi ananditumizira ndinausinthanitsa ndi shuga, ndipo potseka sukulu ndinalipira mpaka supuni yomaliza. Phala ndinamwa lopanda shuga mpaka temu kutha.

Ena amati ndinaphunzirapo kusanama. Ine chimene ndinaphunzirapo n'chakuti ndinalakwitsa mwezi basi. Ndikanati anankafumbwe alowa m'matumba a mtedza, nawonso aMadamu akanachita mantha, osagula ngakhale pepala limodzi.