Nthambi Imodzi Yomwe Inaphuka

Mayi anga atamwalira, tinapita kwathu ku Nathenje kukadula nthambi za mikuyu yawo iwiri. Wina unkabala nkhuyu zotsekemera zomwe mayi ankakonda, winawo unali wa mthunzi chabe. Nthambi ya wotsekemerawo ndinaimanga kansalu kuti ndisaisokoneze.

Titabwerera kunyumba ku Mitundu, ndinaona kuti amuna anga anamasula kansaluko n'kumangira nthambi zonse panjinga.

"Bambo, kanali pa iti?"

"Aa, mayi, si zofanana izi?"

Ndinabzala zonse ziwiri kuseri kwa nyumba, koma inaphuka imodzi. Mikuyu ya ku Nathenje ija achimwene anaidula, anawotchera njerwa. Masamba ndimawayang'anitsitsa, koma sindizindikira kanthu. Ndimangothirira, n'kumathokoza Mulungu kuti penapake pamera. Kaya ndi mkuyu wotsekemera wa mayi uja, ndidzamvera pakamwa ukadzabala.